Dinah ndi Katemera wa Ng'ombe

Ku Mbungo, pachilumba, nkhani zimapsa pamene amayi akuvuula chinangwa m'madzi. Kumeneko ndi komwe Dinah anatola mphekesera yoti katemera wa atsikana, uja woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amachokera ku ng'ombe ndipo amatseka mimba. Anaimeza osatafuna.

Chonsecho namwino Mwaiwathu ankakhala kuseri kwa nyumba yake, moti ankapalana moto ndi kupemphana mchere. Koma Dinah anali mayi wodziwa zonse, ndipo kufunsa ankakuona ngati kudzitsitsa. Tsiku la katemera kusukulu, anatuma mwana wake Vanessa kukapalira kumunda.

Patapita miyezi, mng'ono wake wa Dinah, Mervis, anakayezetsa n'kupezeka ndi zizindikiro zoyamba za khansa yomweyo. Achipatala anamuthandiza msanga ndipo anachira bwinobwino. Koma Dinah mantha anamugwira. Akamuyang'ana Vanessa akuseka pakhonde, ankakumbukira tsiku lija anamutuma kumunda. Pomaliza anapita kukaodira kwa namwino.

"Anesi, n'zoona kuti mumabaya ana magazi a ng'ombe?"

Mwaiwathu anaseka n'kumupatsa mpando. "Amake Vanessa, ng'ombe ilimo m'nkhaniyi, koma ndi ya kalekale. Ku Ulaya kunkamveka kuti akazi okama mkaka akatenga tizilonda ta ng'ombe, nthomba yakupha ija inkawalambalala. Dokotala wina anafufuza chifukwa chake, katemera n'kuyambira pomwepo. Chipsera chili pamkono pa amayi anu chija ndi cha katemera wa nthomba. Kodi sanabereke?"

"Tinabadwa asanu ndi atatu," anayankha Dinah chapansipansi.

"Basi. Wa atsikanayu mulibe ng'ombe, ndipo satseka mimba ya munthu."

"Ndiye mum'baye mawa lomweli."

Apo ndi pomwe panavuta. Katemera yemwe anabwera pachilumba anali atatha pa ana a anzake, ndipo podzafika katemera wina, Vanessa akanakhala atapitirira msinkhu wolandirira. Njira inatsala imodzi, kukwera sitima kupita ku Nkhata Bay, m'nyengo ya mphepo ya mwera.

Dinah anabadwira pachilumba, koma mimba yake ndi mafunde sizinamwerane madzi. Ulendo wonse anaukhala atakumbatira ndowa, akusanza mpaka ndulu, uku akuitana oyera mtima onse omwe ankawakumbukira mayina. Vanessa anali pambali pake akudya mandasi. Atafika kuchipatala, jekeseniyo inatha Dinah asanamalize n'komwe kukonza chitenje chake.

Anabwerera kwawo maso atalowa, koma mtima uli m'malo. Mwamuna wake Eston anakawachingamira padoko ndipo sanalephere kumuseka.

"Amayi, anzanu katemerayu anakam'tenga wapansi kusukulu kuja. Inu mwakam'tenga pa sitima ngati bwana."

Dinah anaseka nawo, poti mwana wake anali atatetezeka ndipo chimene ankafuna chinali chomwecho. Koma uchi womwe anzake ananyambita ali pakhomo, iye anaupeza atayamba watafuna zowawa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.