Silabu ya Masiku Khumi ndi Limodzi

Kalekale, simenti isanayambe kudula chonchi, ku Lunzu kunali kontilakitala wina dzina lake Kadzakumanja. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Matenda ake anali amodzi: pamaso pa kasitomala, mawu akuti "ayi" ankamukanirira pakhosi.

Mayi Chikakwiya, wogulitsa nsalu, anamupatsa ntchito yomanga nyumba. Pulani imene khonsolo inavomereza inali ya nyumba yapansi, koma zipupa zitakwera mayiwo anasintha maganizo, akuti akufuna yosanja. Kadzakumanja ankadziwa kuti pulani ikasintha imayenera kubwerera kukhonsolo, injiniya n'kuonanso maziko ndi zitsulo. Koma anangoti, "Musadandaule mayi, tiona chochita." Anathira silabu ya konkire, n'kuichirikiza pansi ndi mapolo a bulugamu, pamwamba pake n'kuunjikapo njerwa zomangira zipinda zam'mwamba.

Mmisiri aliyense amadziwa kuti silabu imafuna masabata atatu mapolo asanachotsedwe. Itangotha sabata imodzi, Mayi Chikakwiya anafika.

"A Kadzakumanja, Loweruka pano pali chinkhoswe cha mwana wanga. Alendo akhala pabalaza pompano. Mitengo iyi ichoke."

"Mayi, silabuyi ikadali yanthete."

"Makadi ndinagawa kale. Kapena ndiitane wina amene ntchito amaitha?"

Mawuwo anamubaya. Anawerenga pa zala, n'kupeza kuti pofika Lowerukalo silabu ikhala ndi masiku khumi ndi limodzi okha. Anachita mantha, komabe analamula kuti Lachisanu mapolo onse achoke.

Pa anthu ake panali Lufeyo, wamagetsi. Iyeyu sanatsutse kanthu. Lachinayi anatsanzika kuti akukagula mawaya, koma analunjika kukhonsolo n'kukaulula zonse. Lachisanu m'mawa woyendera nyumba wa kukhonsolo anatulukira. Analemba kalata yoimitsa ntchito, n'kuimirira pomwepo mpaka njerwa zonse zitatsitsidwa pasilabu. Pochoka anati, "Pansi apa pasalowe munthu." Galimoto yake itangokhota, Mayi Chikakwiya anapinda kalata ija n'kuiponya m'chikwama, amvekere, "Loweruka maofesi amatseka." Kadzakumanja analephera kuwayankha mayiwo, ndiye mkwiyo wonse anautsanulira pa Lufeyo, n'kumuchotsa ntchito tsiku lomwelo.

Panalinso Yotamu, kalipentala. Atauzidwa kuti achotse mapolo, anati, "Chabwino bwana." Anachotsadi a m'mbali onse, koma pakati anasiyapo asanu ndi limodzi. Anawakulunga nsalu zoyera, n'kuuza okongoletsa malo kuti amangirirepo maluwa. Loweruka Kadzakumanja atalowa anawazindikira mapolowo. Mtima unatsikako pang'ono, manyazi n'kumugwira, ndipo anayang'ana kumbali ngati sanaone.

Wachitatu anali Ediresi, mayi wotunga madzi, amene ankathirira silabu m'mawa uliwonse kuti konkire ilimbe bwino. Lachitatu anaona mng'alu wopyapyala ngati ulusi, n'kuuza bwana wake. Yankho linali lakuti, "Inu ntchito yanu ndi madzi." Anamata dothi pamng'alupo kuti aone ngati ukukula, m'mawa mwake n'kupeza dothilo lang'ambika. Anamatanso, linang'ambikanso. Koma anali ataona zimene zinamugwera Lufeyo, ndipo kunyumba kunali ana, choncho anatseka pakamwa.

Loweruka masana pabalaza panadzaza. Nyimbo zinali pamwamba, anthu akuvina perekaniperekani. Kadzakumanja anaima pakhomo, maso ali kudenga, thukuta lili kamukamu. Anamva polo limodzi likulira. Ankadziwa choyenera kunena, koma anangoima pomwepo.

Ediresi, amene ankathandiza kugawa thobwa, anaona fumbi la simenti likugwera m'chidebe chake. Anaika chikho pansi, n'kukazula chingwe cha masipika. Kunangoti zii.

"Akuluakulu, tiyeni panja. Pang'onopang'ono, ana patsogolo."

"Ndani wakulola iwe kuononga mwambo wa mwana wanga?" anakalipa Mayi Chikakwiya.

Ediresi anagwira mkwatibwi padzanja n'kuyamba kutuluka naye, podziwa kuti kumene wapita mkwatibwi anthu amatsatira. Ankhoswe ananyamuka, amayi n'kunyamula ana, ena akung'ung'udza kuti mayiyo wapenga. Nkhalamba yomaliza itangoponda pabwalo, mapolo asanu ndi limodzi aja anathyoka motsatizana, silabu yonse n'kugwera pamipando.

Sipanafe munthu. Injiniya amene anabwera kudzafufuza anati njerwa zikanakhala zili pamwamba, silabu ikanagwa Lachisanu lomwelo, Yotamu ndi anzake ali pansi pake. Pakanapanda mapolo otsalawo, sikanadikira kuti anthu atuluke. Ndipo pakanapanda wowatulutsa, Lunzu yense akanakhala pamaliro.

A boma anamulanda Kadzakumanja laisensi kwa chaka chathunthu. Chitatha chakacho anamuuza kuti angayambirenso, koma pokhapokha atalembetsa kapitawo wokhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale mwini kampani akukana. Pafomu yolembetsera panali mzere wa dzina limodzi lokha. Munthu wamkulu uja, amene anamva nkhwangwa ili m'mutu, anaitana atatu aja n'kuwapepesa, kenako anawaonetsa fomuyo.

Lufeyo anati, "Bwana, ine ndinatsata lamulo, ndipo ntchito inandithera chifukwa cha zimenezo."

Yotamu anati, "Anakuzemberani ameneyu, ndipo kalata yake inathera m'chikwama. Chimene chinagwira silabu ndi mapolo anga."

Ediresi anati, "Nanga ena onse aja anachotsa ndani, a Yotamu? Munavomera pakamwa, n'kubisa zoona m'nsalu, anthu n'kukhala pansi pake osadziwa kanthu."

"Inunso mayi, mng'alu munauona Lachitatu, n'kudikira mpaka Loweruka," anatero Lufeyo. "Ndipo pulani simutha kuiwerenga."

"Sinditha. Koma mwa inu awiri, ndani anawauza bwana maso ndi maso?"

Kadzakumanja anayang'ana fomu ija, cholembera chili m'manja. Ankadziwa kuti matenda ake sanathe: tsiku lina kudzabweranso kasitomala wokakamiza, ndipo dzina limene alembe pamzerewo ndi limene lidzaime pakati pa "chabwino" wake ndi miyoyo ya anthu.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni munthuyu, cholembera chikuuma. Alembe Lufeyo, amene anathamangira kulamulo koma kuseri kwa bwana wake? Alembe Yotamu, amene manja ake anakana pakamwa pakuvomera? Kapena alembe Ediresi, wosadziwa pulani, amene anachedwa ndi mantha koma n'kutulutsa anthu amoyo? Mukanakhala inu, nyumba yogona ana anu mukanaisiya m'manja mwa ndani?