Kachipika Pansi pa Phazi

Ofisina ya a Caetano yokonzerako galimoto ku Tsangano idali chisakasa chabe, koma nkhondo itafika povuta, galimoto iliyonse yotsala ndi mpweya inkathera pamenepo. Kamiyau, lole ya Abel, mnyamata wonyamula mbatata, idagonapo dzinja lonse. Zitsulo za motolo, injini ya kamiyauyo, a Caetano ankachita kutuma anthu ozembera ku Malawi, lero ichi, mwezi wamawa icho, mpaka m'mawa wina a Caetano adapukusa chitsulo cholizira, motolo n'kudzuka.

Abel mtima udali kale pamsewu. Mkazi wake Filomena adali ndi pakati potopa kumudzi kwawo, kuseri kwa Ntengo-Wambalame. Mwana woyamba adabadwa movutikira, ndipo anamwino adanenetsa kuti wachiwiriyu akabadwire kuchipatala cha ku Tsangano, osati m'nyumba. Anamwinowo adali atathawa kalekale. Chotsala chidali kamiyauyo basi.

A Caetano, potopa ndi anyamata osamva, adaleka kudalira pakamwa pokha. Motolo uliwonse womangidwa kumene ankaumangira kachipika ka mtengo pansi pa chopondera moto, kuti phazi la woyendetsa lisafike pansi. Adamufotokozera Abel kuti zitsulo zatsopano zimakhala zisanazolowerane, zimafuna ulendo wodekha ndi katundu wopepuka, ndipo pachitunda motolo uzipumitsidwa.

"Mphwanga, uyende ngati ngolo. Ukafikabe kusanade, mawa mudzabwera bwinobwino."

"Mesitiri, msewu uno woyenda mwaulemu ndiye amawotchedwa," adayankha Abel.

Kunena zoona sadaname kwenikweni. M'mbali mwa msewuwo mudali mafupa a galimoto zopserera, ndipo aliyense wodutsapo msana unkachita kuzizira. Koma mantha ndi mlangizi woipa. Abel adavomera ndi mutu, ndipo atangopitirira nyumba zomaliza adaima, n'kumasula waya, kachipika kaja n'kukaponya paudzu. Kenaka phazi pansi, fumbi kobo! Adafika kumudzi dzuwa likadali pamutu, akudzitama mumtima. Motolo unkanunkha chiwawu, ndipo mkati munkamveka kugogoda pang'ono. Iye adangothiramo madzi, amvekere ndi mmene zimalirira zatsopano.

Anthu a m'mudzimo adali atatopa ndi kugona m'mapiri. Ataona kamiyau, m'mawa mwake adafika ndi mitolo yawo. Akadakana yani? Apongozi ake, alamu, ana a eni, onse adakwera. Matumba a chimanga adakwera, mbuzi zidakwera, wina mpaka adazula chitseko cha nyumba yake. Kamiyau idachita kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira, koma Abel adangoti tiyeni.

Asanapite patali, Filomena adayamba kugwira msana, akuluma mlomo. Abel poona zimenezo adapondanso moto mopitirira dzulo. Pachitunda chachitali chimene a Caetano adati apumirepo, iye sadaime. Kugogoda kuja kudakula, utsi udatuluka, kamiyau idanjenjemera, kenaka zii. Adatsika, adayesa kupukusa, adadumphirapo ndi thupi lonse, koma chitsulo sichidasunthe. Motolo udali utagwirana.

Palibe adamukalipira. Nkhondo idali itawatha anthu mawu. Aliyense adangotsitsa mtolo wake, kusenza, n'kuyamba kukwera chitundacho wapansi, chimanga n'kuchisiya pomwepo. Filomena yekha sakadatha kuponya phazi. Amayi ake ndi amayi ena awiri adamugwirizira n'kulowa naye patchire, kuseri kwa mwala.

Mwamuna safikako kumeneko. Abel adatsala pamsewu, atatsamira kamiyau yakufayo, mphepo yozizira ya ku Tsangano ikumulowa m'mafupa. Ankamva kubuula kwa mkazi wake, ankamva amayi aja akumulimbitsa mtima. Ankadikira kulira kwa khanda. Dzuwa lidapendeka iye akudikirabe, mpaka kubuula komwe kudaleka.

Apongozi ake adatuluka patchirepo pang'onopang'ono. Adagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa pachipongozi.

"Mayiyo ali moyo," adatero. "Koma atibwereke chokumbira."

Abel adamva zonse. Adatsegula bokosi la zipangizo n'kutulutsa chitsulo chochotsera matayala. Adachiika pansi, apongoziwo n'kuchitola. Mtayo sauliridwa, amaika amayi okhaokha, ndipo bambo saona ngakhale nkhope. Choncho adangokhala pafumbi, akumva chitsulo chake chikugunda nthaka youma. Ngakhale misozi idamukana.

Atatha, adamugoneka Filomena pa chitseko chimene mwini wake adachisiya, n'kumunyamula, Abel kutsogolo, amayi aja kumbuyo. Njira yonse mwamuna wake sadayerekeze kucheuka. Atafika pamwamba pa chitunda adaima kuti apume. Kutsidya kwa dambo, malata a chipatala ankaoneka bwinobwino, pafupi moti ngakhale ngolo ya ng'ombe ikadafika dzuwa lisanapendeke.

Akuluakulu sadanene pachabe kuti kuthamanga sikufika.