Zitini Zopepuka za ku Dokkum

Mayi Wietske Hoekema ankasenda mbatatesi pazenera la khitchini pamene galimoto ija inadutsanso, yaitali, yakuda bii. Ku Dokkum ngakhale dokotala amapita kuntchito panjinga, mvula ikumukwapula. Nanga uyu ndani woti sangapalase ngati anzake? Anali Reinoud van Staveren, mkulu wa bungwe lachifundo lomwe linkayendetsa Nyumba ya Masana, kumene okalamba odwala matenda oiwalaiwala ankakaswera.

Amuna awo, a Sjoerd, anali m'gulu la okalambawo. Pakhomo ankangokhala duu tsiku lonse, koma akafika pakati pa anzawo kunyumba ija ankatsitsimuka, kuseka, kukangana za mpira, madzulo n'kubwerera ali munthu. Nyumbayo ndiyo inkawasungira mayi Wietske kachidutswa kotsala ka mwamuna wawo. N'chifukwa chake ikakwana sabata ya bungwelo, ankanyamula chitini n'kuyenda khomo ndi khomo kupempha zopereka. Mabungwe kuno amasinthana: lililonse lili ndi sabata imodzi pachaka, ikakudutsa udikire chaka chamawa.

Pamsonkhano wa onyamula zitini, khofi atathiridwa ndipo aliyense atalandira bisiketi yake imodzi, mayi Wietske anakweza dzanja. Sanapite m'mbali.

"Bambo Van Staveren, kodi inu mumalandira zingati?"

Reinoud anamwetulira n'kuyamba kuzungulira. Akuti munthu waluso sapezeka wotchipa, akuti kumakampani akanalandira zoposa pamenepo. Mayiwo anabwereza funso lomwelo mpaka Reinoud anatchula. Malipiro ake ankaposa a nduna ya boma! Wapampando wa komiti, a Douwe, omwe anali mng'ono wa a Sjoerd, anangoyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

Kuyambira tsiku limenelo mayi Wietske sanakhulupirirenso munthu. Mlembi wa komiti akapenta nyumba, iwo ankati wadya nawo. Namwino wa ku Nyumba ya Masana akavala nsapato zatsopano, ankaziyang'ana kawiri. Ndipo kunena zoona, ndani angawadzudzule? Zaka zonsezi akuuma zala ndi chisanu pamakomo a anthu, kumbali wina akuwadyera masuku pamutu.

Loweruka lina a Douwe anatulukira pakhomo pa mayi Wietske, n'kukhala pampando osavula jekete. Anavomera kuti komiti inalakwa: inasaina mgwirizano ndi Reinoud mothamanga, itakopeka ndi pakamwa pake. Koma mgwirizanowo unkatha pa Chaka Chatsopano, ndipo anali atagwirizana kale mwakachetechete kuti sadzawonjezeranso. Anawachenjezanso kuti malamulo a bungwelo amati mkulu akasumiridwa pa nkhani ya ntchito, maloya ake amalipidwa ndi bungwe lomwelo.

"Ndapota nanu, mlamu, ingodekhani sabata ya zitini idutse. Munthuyu achoka yekha."

Mayi Wietske anasuzumira panja, pomwe a Douwe anaimika njinga.

"Alamu, njinga yamagetsi yatsopanoyo mwagula ndi chiyani?"

"Ndagulitsa boti langa. Mawondo atha awa."

"Ehe, mawondo. Nonse mawondo akuthani chaka chimodzi? Mukufuna ndikhale chete kuti mupukute pakamwa bwinobwino."

A Douwe anati amene akuswera kunyumba ija ndi mkulu wawo wa bere limodzi, sangaiphe nyumbayo ndi manja awo. Anatsanzika mkulu wawoyo n'kutuluka, khofi osamaliza. Boti anagulitsadi, tawuni yonse inkadziwa, koma munthu akayamba kukayikira, ngakhale chilungamo chimamveka ngati bodza lophika bwino.

Lolemba lake mayi Wietske anakwera basi kupita kumzinda wa Leeuwarden kukapeza loya. Loyayo anati monga mkazi wa munthu wothandizidwa ndi bungwelo, atha kupempha khoti kuti limuchotse Reinoud. Naye anafunsa ngati sangadikire pang'ono. Iwo anamuyang'ana ndi diso lija, mumtima n'kumati kapena ameneyunso amamwera limodzi ndi Reinoud. Anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti asuma tsiku lomwelo. Ndipo poopa kuti oweruza angaikwirire nkhaniyo, anaimbiranso mtolankhani. Nyuzipepala inatuluka Lachisanu, chithunzi cha galimoto ija chili patsamba loyamba, sabata ya zitini ikuyamba Lolemba.

Abale, sabata imeneyo inali yowawa. Ena mwa onyamula zitini anakazibweza, akuti sangapirire manyazi. Mayi Wietske anayenda okha misewu yawo ya masiku onse, mutu uli m'mwamba, poganiza kuti anthu awayamikira. Kuyamikira anawayamikiradi. Mayi wina yemwe anaphunzira nawo kalasi imodzi anawagwira dzanja pakhomo n'kunena kuti achita bwino kuulula mbavazo.

"Ndiye ponyanimo kangachepe, amnzanga," anatero mayi Wietske akutukula chitini.

"Kuti ndimugulire bwana petulo? Iyayi, Wietske. Chaka chino ndapereka kwa osamalira agalu."

Khomo ndi khomo yankho linali lomwelo. Tchalitchi chinaimitsa chopereka chake, ogulitsa buledi ndi tchizi omwe ankathandiza mwezi uliwonse anati ayambe aona mmene mlandu uthere. Pofika Loweruka chitini cha mayi Wietske chinkalira ngati chisekese, tindalama tochepa tikungogubuduka m'kati.

Mlandu unakoka miyezi. Reinoud ankabwera kukhoti ndi maloya awiri ovala bwino, ndipo nthawi iliyonse akaimirira kuyankhula, mayi Wietske ankadziwa kuti mawu amenewo akulipidwa ndi zitini za zaka zapitazo, zina zonyamula iwo omwe. Zinkawadya mumtima, koma kubwerera m'mbuyo kunali kutakanika. Pomaliza woweruza anagamula kuti malipirowo analidi opyola muyeso, Reinoud achoke ndipo abweze gawo lina. Mayi Wietske anapambana. Panja pa khoti anthu anawaombera m'manja, mtolankhani uja n'kuwajambulanso.

Reinoud sanaonde nazo. Pasanathe miyezi ingapo zinamveka kuti wapeza ntchito ina kumzinda waukulu. Zomwe anabweza zinathera kwa maloya a mbali zonse ziwiri. Komiti inayesa kupempha apa ndi apo, koma dzina la bungwe linali litanunkha. Chisanu chikutha, anamwino analandira malipiro awo omaliza, mipando inagulitsidwa, Nyumba ya Masana n'kutsekedwa. A Douwe ndi omwe anakhoma chitseko, ndipo sananene liwu loti ndinakuuzani.

Tsopano a Sjoerd ankakhala pakhomo sabata yonse. Mayi Wietske anayesetsa, kuwawerengera nkhani za mpira, kuwayendetsa m'mbali mwa ngalande, koma munthu mmodzi sangakhale gulu. Bambowo anayamba kuzimirira ngati nyale yotha mafuta. M'mawa wina mayi Wietske akuwamangira mabatani a malaya, a Sjoerd anawagwira dzanja mwaulemu wonse, monga amachitira ndi alendo.

"Pepanitu mayi, mwandisamala bwino. Koma akazi anga abwera liti kudzanditenga?"

Mayi Wietske anamaliza kumanga batani lomaliza, n'kuyankha kuti abwera posachedwa. Kenako anakalowa kubafa, n'kutsegula mpopi kuti kulira kwawo kusamveke.

Musandimve molakwa: khoswe analipodi, wonenepa ndithu, ndipo mayiwo sananame. Koma anaponya chibonga osayang'ana pomwe wakhala. Khosweyo anadumpha n'kupita, iwo n'kutsala ndi mapale. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.