Valentim pamphasa ya ana

Kuseri kwa tchalitchi china ku Fingoe kudakali mtengo wa mango wa nthambi zotambalala. Masiku ano pansi pake pamangogona mbuzi, poti eskolinya, komwe amasunga ana aang'ono makolo ali kuntchito, idasamukira m'nyumba ya malata. Koma Valentim akamadutsa pamenepo pa njinga yake yamoto, imene kuno timati mota, amachepetsa liwiro, ndipo amene wamukweza amayesa kuti akuopa maenje a mumsewu. Si maenje ayi. Pansi pa mtengo umenewo mpamene mwamuna uja, ndi ndevu zake zonse, adaphunzira kukhala pansi.

M'masiku amenewo Valentim anali munthu waphuma. Ntchito yake inali yonyamula anthu pa mota, makamaka magarimpero opita kukakumba golide, ndipo anthu amenewo sadziwa kudikira. Ukachedwa pang'ono umapeza akwera ya mnzako. Phumalo lidamulowa mpaka m'mafupa, moti ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire, chisoti chili kumutu.

Mkazi wake Telma adadwala mvula itangoyamba, ndipo adamutengera kuchipatala ku Tete pa shapa, minibasi ya m'mawa. Mwana wawo Yolanda anali ndi zaka zitatu. Azakhali ake adamutengera kuseri kwa nkhokwe kukamuonetsa anapiye kuti asaone mayi ake akuchoka. Ndi mmene timachitira tonsefe, mwana timamuzemba kuti asalire. Telma adamwalirira komweko, abale ake a ku Tete nkumuika kwawo. Mwana akafunsa ankangouzidwa kuti, "Abwera, apita kukakugulira mabolasha, mabisiketi aja umakonda." Maliro atatha azakhali adabwerera ku minda yawo ku Chipera, ndipo Valentim adatsala ndi mwana wopanda womusiyira.

Eskolinya ya pansi pa mango ankayendetsa ndi Titiya Rebeca, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene adakulira ku Zambia kothawa nkhondo. Analibe zambiri: mphasa, mgolo wa madzi, mphika wa phala, mipira ya nsanza ndi mpanda wa nkhadze wozungulira bwalo. Koma anali ndi kachitidwe kawo kamene sankakasintha ngakhale kwa mwana wa bwana wa ku administrasau, ku maofesi a boma.

"Bondiya, Titiya. Nayu mwana, ndimutenga masana," adatero Valentim, mota ikulira.

"Bondiya, bambo a Yolanda. Zimitsani chinthu chanucho mukhale apa."

"Ine? Pamphasa ya ana?"

"Inu nomwe. Kuno sitilandira mwana ngati thumba la chimanga kuchigayo. Masiku oyamba kholo limakhala pompano mpaka mwana atidziwe. Mubweretse nsalu ya kunyumba yoti azigwira. Ndipo tsiku limene muti muchoke, mumutsanzike, mumuuze nthawi imene mubwere, nkubweradi. Tsono ndiuzeni, amakonda chiyani, amaopa chiyani, amayi ake ali kuti?"

"Amadya chilichonse, saopa kanthu. Amayi ake kulibe."

Zina zonse adazimeza. Adazimitsa mota monga adamuuzira, adakhala chonjuta kanthawi, ndipo Titiya atangotembenukira ku mphika iye adaloza patali. "Yola, taona mpira uwo!" Mwana atacheuka, iye adanyamuka mwakachetechete, nkukankha mota ndi manja mpaka kupitirira msika, kumene adakailiza. Tsiku limenelo adadziona wochenjera kuposa amuna onse a m'boma lathu la Maravia.

Masana adapeza mwana maso atatupa, mawu atasasa. M'mawa mwake adamuzembanso, ndipo mawa linalo chimodzimodzi. Machenjera sankamuthera: lero ndikukakodza, mawa ndikukagula maswiti. Titiya adamuchenjeza kangapo, iye nkumangoseka.

"Tonsefe tidakula chozembedwa, Titiya. Tidafa?"

"Simudafe. Koma ine ku Zambia ndidakula ndi ana amene adauzidwa kuti dikira pano ndikubwera. Ena adamera imvi akuyang'anabe kunjira."

Valentim adaganiza kuti nkhani za nkhondo zilibe gawo pa mwana wake, amene ankagona wokhuta m'nyumba ya atate ake. Ndipo zidaoneka ngati walondola ndi iye, pakuti patapita nthawi Yolanda adaleka kulira. Ankatsika pa mota yekha, nkukakhala pamphepete pa mphasa, nkhope italoza kumsewu.

"Mwaona? Wazolowera," adadzitama Valentim.

"Mwana wozolowera amasewera, amalimbirana mpira, amapempha phala lina," adayankha Titiya. "Uyu sadazolowere. Wangotseka chitseko."

Kunyumba nako chitsekocho chinali chotseka. Kale Yolanda ankazindikira kulira kwa mota ya atate ake pakati pa mota zonse za mu Fingoe, nkuthamangira kunjira manja ali m'mwamba. Tsopano ankangokhala. Akamupatsa chakudya ankadya, akamusambitsa ankasamba, koma mawu akuti "ababa" adasowa m'nyumbamo. Valentim zidamuwawa, komabe adadziuza kuti ndi chibwana, chitha chokha.

Tsiku lina mvula itagwa yambiri, mwana wina adaterereka pafupi ndi mgolo nkung'ambika mlomo. Titiya ali kalikiliki kupukuta magazi, Yolanda adapyola pampata wa nkhadze nkupita. Valentim adakumana ndi uthengawo panjira, akuchokera ku migodi. Mitsinje inali yodzaza, maenje a njerwa ali thothotho ndi madzi, ndipo iye adathamangira kumeneko akufuula dzina la mwana ngati wamisala. Phuma lake lonse silidamupezere kanthu.

Amene adamupeza mwanayo ndi Marcelino, wotolera ndalama m'shapa yopita ku Tete. Galimoto itatsala pang'ono kunyamuka, adaona kamwana kali phee kumpando wakumbuyo, pakati pa amayi awiri, aliyense akuyesa kuti ndi ka mnzake.

"Epa, Valentim! Nayu pasajero wako," adatero pamene bambo uja adafika ali wefuwefu. "Akuti akupita kwa amama ku Tete."

Valentim adatambasula manja kuti amunyamule. Mwana adamuyang'ana ngati munthu wongodutsa, nkutembenuka, nkubisa nkhope mu kapulana, chitenje cha mayi wachilendo amene adakhala naye pafupi. Adatsika pokhapokha Titiya Rebeca atafika, ndipo adapita m'manja mwa iwowo. Anthu a pamsika adaona zonsezi, ndipo mwamuna uja adasowa poika maso.

"Kulakwa kwanga ndikukuvomera, ndinachotsa diso," adatero Titiya ali panjira, mwana ali kumsana. "Koma taonani bwino, bambo a Yolanda. Wadikira kuti ndicheuke, nkunyamuka mwakachetechete. Wazemba. Adaphunzira kwa yani?"

Valentim adawauza zimene adameza tsiku loyamba lija: za anapiye kuseri kwa nkhokwe, za shapa ya m'mawa, za mabolasha amene sadafike. Titiya adaima chilili pamsewu, nkupukusa mutu.

"Mukanandiuza. Mwanayu mwakhala mukumuikira maliro m'mawa uliwonse."

Kutacha, mota idafika pa mango nkuzima yokha popanda woiuza. Valentim adatulutsa kapulana ya Telma, yofiira ya maluwa achikasu, imene idali m'sutikesi chichokereni mwini wake, ikununkhirabe mafuta amene ankadzola. Adagwada, Titiya ali pambali pake, nkulankhula mawu amene adamulemera kuposa thumba la miyala ya kumigodi.

"Yola, amama sanapite kukagula mabolasha. Anadwala kwambiri, anamwalira, sabweranso. Tinakunamiza. Koma ine ndilipo, ndipo lero sindipita kulikonse."

Mwana adalanda nsaluyo nkukakhala nayo kumapeto kwa mphasa. Atate ake sadawayang'ane. Valentim adavula chisoti nkukhala pansi, miyendo yaitali itatambalala pakati pa tiana.

Anzake a mota sadamusiye. Mmodzi wa iwo, Sebastião, ankachita kudutsira dala njira ya kutchalitchi nkuliza hutala. "Valentim wayamba eskolinya! Lero akupatsa phala, mwanawe? Usaiwale kusamba m'manja!" Magarimpero ake adatengedwa ndi ena, ndiwo za kunyumba zidasanduka masamba okhaokha. Choipa kuposa zonse chinali chakuti kukhalako sikunkaoneka ngati kukubala kanthu. Phuma lidamubwerera. Adagula maswiti, adayesa kumunyamula, adayesa kumugirigisha. Mwana ankangouma thupi ngati chikuni.

"Musamukoke," adatero Titiya. "Khalani chabe. Akuyesa ngati mulipodi."

Adakhala. Adaphunzira nyimbo za ana, zachipwitikizi ndi zachinyanja zomwe, mawu ake okhuthala akuseketsa bwalo lonse. Adakhala wothirira ana madzi osamba m'manja ndi wosoka mipira ikaphulika. Chimanga chimene chinali m'mawondo pamene ankayamba chidafika pomasula ngayaye. Ndipo iye adayamba kuona zimene waphuma saona: kuti mwana amamuba ndi diso akaganiza kuti sakuonedwa, ndi kuti malo ake pamphasa ankasendera pang'onopang'ono.

M'mawa wina wa mame, Yolanda adanjuta pafupi ndi mgolo wa madzi, pomwe nkhono yaikulu idakakamira pa njerwa, itadzibisa m'chigoba. Valentim adanjuta pambali pake. Mwachizolowezi adatambasula chala kuti aigogode ituluke. Kadzanja kadagwira chala chakecho.

"Ababa, musayigwire. Siituluka."

Valentim adamvera. Adakhala awiriwo osagwedezeka, kadzanja kaja kali chigwirire, mpaka nkhono idatulutsa mutu, nkuimika tinyanga take tiwiri ndi timaso kunsonga. Mwana adaseka. Titiya Rebeca, amene ankatakasa phala, adapukuta m'maso nkunamizira utsi.

Kutsanzika kudayamba pambuyo pake, nako pang'onopang'ono. Poyamba, "Ndikupita kumpopi, ndibwera musanamalize nyimbo." Kenaka kumsika. Kenaka, "Yola, ndikupita kuntchito. Ndibwera chitsulo cha kusukulu yaikulu chikalira." Tsiku limenelo mwana adalira kwambiri, akumukoka buluku, ndipo Valentim adatsala pang'ono kuvulanso chisoti.

"Pitani," adatero Titiya. "Kulira uku nkwabwino. Akulirira munthu amene akudziwa kuti abwera."

Adalizira mota pamaso pake, mwana akuona. Ndipo chitsulo chija chisanamalize kulira masana, mota inali itaima kale pa mango. Kuyambira pamenepo magarimpero adadziwa kuti dzuwa likakwera pamutu Valentim sakwezeka, ngakhale umulonjeze golide yense wa m'thumba mwako. Posakhalitsa adayambanso kuona kamtsikana kakuthamangira kumpata wa nkhadze manja ali m'mwamba, pakamwa pali phala.

Zaka zidapita. Titiya Rebeca adapuma ntchito, maso atayamba kuchita chifunga, ndipo ndevu za Valentim zidachita mbuu. Chaka chino Yolanda adasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi ku Tete. Atate ake adamunyamula pa mota mpaka pamsika, pamalo omwe aja pokwerera shapa, nkumangirira katundu wake pamwamba. Galimoto itayamba kudzaza, Valentim adayang'ana kumbali. Shapa ya m'mawa yopita ku Tete idamutengerapo kale munthu mmodzi. Sadafune kuti mwana amuone akulira pagulu, ndiye adang'ung'udza kuti akukaona mpweya wa tayala, nkuyamba kukankha mota mwakachetechete kulowera kuseri kwa mabenchi a tomato.

"Ababa! Mukufuna kundizembanso?"

Adaima. Yolanda adatsika m'galimoto, nkubwera kudzamugwira manja onse awiri pamaso pa msika wonse. Adamasula kapulana yofiira ija, maluwa ake achikasu atafwifwa ndi kuchapa, nkuikoloweka pakhosi pa atate ake.

"Iyi muziigwira. Ndikupita kusukulu. Ndibwera mango akapsa."

Valentim adalira, ndipo sadabise nkhope. Adaima pamenepo mpaka fumbi la shapa lidatha. Pobwerera adaimitsa mota kuseri kwa tchalitchi, nkuyang'ana m'nthambi za mtengo uja, momwe munalibe ngakhale duwa limodzi. Adakhala pansi pamizu, mbuzi zikumudabwa, ndipo sadaone kutalika kwa miyezi. Kudikira adakuphunzira kale pamalo omwewo, pamene adadziwa kuti akuluakulu sadaname ponena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.