Kandege ka Mthunzi pa Ukwati wa Leticia

Mthunzi ankajambula maukwati ku Nabvutika, ndipo kamera yake yakale, ngakhale inali yosupuka m'mbali, sinamuchititsepo manyazi. Mtima unayamba kumuyabwa ataona anzake a ku Lusaka akuulutsa droni, kandege kojambula zithunzi kali m'mwamba.

M'sitolo ina m'tauni ya Chipata anapeza tindege tiwiri. Koyamba kanali kotuwa, m'bokosi wamba. Kachiwiri kanali kakuda bii, kokwera mtengo, ndipo pabokosi pake panalembedwa ndi zilembo zagolide kuti ndi ka akatswiri.

"Aka n'ka mapulofeshonolo, bwana," anatero wogulitsa. "Mtengo wakewo ukudzichitira wokha umboni."

Mthunzi sanafunse kuti batire lake limakhala nthawi yaitali bwanji, kapena ngati kamapirira mphepo. Anagulitsa kamera yake n'kugula kakudako.

"Bambo a Nomsa, mwagulitsa khasu kuti mugule chipewa?" anafunsa mkazi wake Lenia. "Chabwino, kauluseni kaye pabwalo la mpira tione."

"Kadetsedwe ndi fumbi ukwati usanafike? Chinthu cha mtengo wotere sachiyesa ngati tomato wa pamsika."

Ukwati umene Mthunzi ankanenawo unali wa Leticia, mng'ono wa Lenia. Bambo awo, a Andireya, anali chigonere m'chipatala ku Tamanda, miyendo itafa ziwalo. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kuona nkhope ya mwana wawo atavala velo. Mthunzi anadziguguda pachifuwa, nauza achibale kuti asavutike kufuna wojambula wina. Anachenjezanso akwaya kuti asamatukule mafoni, angamuonongere kanema.

Tsikulo linafika ndi mphepo ya mu Ogasiti, ija imavula amayi mipango kumutu. Kandege katanyamuka panja pa tchalitchi, nthungululu zinamveka, ana n'kumathamanga akuloza kumwamba. Koma kanayamba kudzandira ngati chidakwa chochokera kumowa. Mthunzi akakakhotetsera kumanja, mphepo inkakakankhira kumanzere. Pamene Leticia amatuluka pakhomo atagwetsa nkhope mwaulemu, monga achitira mkwatibwi wolangidwa bwino, batire linatha. Kandege kanakatsakamira mumtengo wa mango, ndipo wojambula anathera nthawi ya zithunzi ali panthambi, suti itang'ambika m'khwapa.

M'mawa mwake diresi la ukwati linabwezedwa kumene analibwereka. Mthunzi ndi Lenia anakwera basi ya ku Tamanda.

A Andireya anavala magalasi, nalandira foni ya Mthunzi kuti aone kanema wa ukwatiwo. Anaona malata a tchalitchi akugwedezeka, kenako mitu ya akwaya, kenako masamba.

"Mwana wanga ndi uti pamenepa?"

"Ndi kadontho koyerako, bambo," anayankha Mthunzi, maso ali pansi.

Mkuluyo anakayang'anitsitsa kadonthoko kwa nthawi ndithu, kenako anabweza foni.

"Akakowa ndinawaona kale kudimba. Ine ndimafuna Leticia."

Atatero anatembenukira kukhoma. Lenia sanakalipe. Anangowafunditsa bulangete bambo ake, n'kumuuza mwamuna wake kuti akafika kunyumba asataye bokosi lija, popeza ndi lokhalo limene linagwira ntchito imene analipangira.

Zilembo zagolide sizijambula chithunzi, ndipo mtengo wokwera suletsa mphepo. Akuluakulu anaona patali ponena kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.