Chigwa Chobweza Mawu

Ananu, dzulo munakuwa m'chigwa chija, mawu anu n'kubwerera. Kalekale sizinali choncho.

Masiku amenewo mudzi uno wa pakasupe unali monga lero: kanjedza, madzi ozizira, ndi mchenga wokhawokha mbali zonse. Mlendo aliyense ankadzera m'chigwa chakuyacho, ulendo wa tsiku lathunthu pakati pa makoma a miyala. Chigwacho chinkanyamula mawu. Munthu akaitana ali kutsidya, mawu ankafika pakasupe, abale n'kumuchingamira ndi madzi.

Pamudzipo panali mayi wina dzina lake Nangondo. Mlongo wake Chidzanja anachoka ndi ngamila zake ali mnyamata, ndipo ngakhale amayi awo atamwalira sanabwere kumaliro. Nangondo anasunga mangawa zaka khumi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Nangondo akutunga madzi, chigwa chinabweretsa mawu osasa.

"Mlongo wanga Nangondo, ndine Chidzanja. Ndabwera kudzakuona. Ngamila yandifera m'njira, madzi atha. Ndichingamire."

Amayi anzake anamuyang'ana. "Simukumva kodi? Ndi achimwene anu amenewo."

"Ine ndinawaitana kumaliro, sanayankhe," anatero Nangondo. Kenaka anatembenukira kuchigwa. "Iwe chigwa, mawu amenewo abwezere kwa mwiniwake. Amve m'mene zimapwetekera."

Chigwa chinamvera. Chidzanja anaitananso, namva mawu ake omwe akubwerera: "Ndichingamire, ndichingamire." Anaganiza kuti mlongo wake akumunyogodola. Anakhala pansi patsinde pa thanthwe, osapitanso patsogolo.

Kutacha, mtima wa Nangondo unaphwa. Anasenza mtsuko n'kulowa m'chigwa, akuitana, "Achimwene, ndikubwera, limbani mtima." Koma mawuwo sanapite patali. Anagunda miyala n'kubwerera kwa iye yemwe. Anachonderera chigwa kuti chiwanyamule ulendo umodzi wokha, chigwa n'kumubwezera kuchondererako.

Anamupeza madzulo atatsamira thanthwe, atauma kale. M'manja mwake munali nsalu yatsopano yomwe ankamubweretsera. Nangondo anatula mtsukowo pambali pake, nakhala pomwepo mpaka anthu anabwera kudzatenga mtembowo.

Ndi chifukwa chake lero chigwa chija sichiperekanso uthenga kwa munthu. Ukaitana, chimakubwezera mawu ako. Ndipo mlendo akamayembekezeka, ife a pakasupe sitidikira kuti aitane. Timanyamula madzi m'mamawa n'kukamupeza m'njira.