Tonde wa Nasibeko Pachipata

Matenda a mbuzi atavuta m'malire, Sajeni Mkwapatira wa pachipata anayamba kunenepa. Mbuzi iliyonse yonona ankaitcha yakunja, n'kuilanda, n'kukaitsekera m'khola lake kuseri kwa ofesi.

Tsiku lina anaimitsa Nasibeko akupita kumsika ndi tonde wake.

"Uyu wachokera kutsidya, akudwala. Msiyeni pano, mayi."

Nasibeko anagwada n'kuwomba m'manja. "Mwandithandiza, bwana! Dzulo madokotala a ziweto anamutenga mamina kukayeza. Akuti makina awo amadziwa kumene kachilombo kachokera. Khola limene akamupezemo ayeza mbuzi zonse, ndipo mwini khola afotokoze kumene anazitenga. Ndikawauze kuti ali kwa inu?"

Kuseri kwa ofesi mbuzi zinalira ngati zamva.

Sajeni anamuyang'anitsitsa tonde m'maso. "Ndinaona molakwika. Uyu ndi Mmalawi weniweni. Pitani, ndipo muiwale kuti munadutsa pano."

"Ndiiwala bwanji, bwana, mbuzi yanga yamawanga ija munalanda mwezi watha ikundiitana chonchi?"

Nasibeko anafika kumsika ndi mbuzi ziwiri. Madokotala a ziwetowo sanawaonepo chibadwire.